Chiphaliwali ndi Tseketseke

Zingwangwa,
Loweruka masana.

Ndaziona mwana wanga,

Wapita kukalukitsa tsitsi kwa amake Feyithi, ndipo ndikudziwa kuti subwerako msanga chifukwa mayi aja pakamwa pamathamanga kuposa zala. Ndiye ndati ndikhale pakhonde pano dzuwa likadalipo ndikulembere. Kalatayi ndiyiika m'sutukesi pansi pa siketi yako yakuda. Ukaiwerenge ukafika kusukulu ya unesiko, osati m'basi, chifukwa ndimakudziwa, ungayambe kufwenthera pamaso pa anthu osawadziwa.

Za anyamata akulangiza kale azakhali ako. Za mapemphero abusa anena mokwanira. Ine ndikufuna tithetse mkangano wathu uja umene tinausiya m'malere kwa a Msiska zaka zinayi zapitazo. Ukhoza kuseka kuti mayi wanga wakalamba, mwana akupita kutali iye akukamba za kanema. Seka, koma uwerenge mpaka kumapeto.

Ukuwakumbukira masana a Lamulungu aja? Nthawi imeneyo dziko lathu linali lisanatsegule kanema wakewake, tivi ya a Msiska inkangokhala yofundidwa kansalu koluka kudikira matepi. Mlongo wawo wa ku Joni ankawajambulira sewero lija la m'chipatala n'kumawapatsira madalaivala a mathiraki. Tikaweruka kutchalitchi tinkawoloka msewu atatu, ine, iwe ndi malemu bambo ako atanyamula mpando wawo wa ndalema, ati masofa a eni ake amawagonetsa. Mai Msiska ankakazinga chimanga n'kuthira m'lichero pakati. Tsiku lina deki yoseweretsa matepiyo inkatafuna tepi, a Msiska n'kuyamba kuitokosa ndi mpeni wa buledi akulankhula Chitumbuka chimene sankafuna kutimasulira. Tsiku lina magetsi ankathima wodwala ali patebulo la opaleshoni, tonse n'kufuula ngati wodwalayo ndi m'bale wathu. Panali patangotha chaka chivotereni matipate, anthu pakamwa patangomasuka kumene, ndipo m'nyumba muja aliyense ankafuna kumveka, ngakhale pa nkhani ya anthu a m'galasi.

Chizungu chawo chinkathamanga ngati minibasi yotsika ku Chilobwe. Iwe unali Fomu 2, ndiye unkakhala pansi pafupi ndi tivi n'kumatimasulira. Bambo ako sankakhutira nacho chipatala chija. "Chipatala chanji chopanda wogona pansi?" ankatero. "Nanga achibale akuphikira kuti? Chimenechi ndi hotela, musatinamize." Ine amene ndinali nditakolopa m'wodi zaka zambirimbiri ndinkangoyang'ana simenti yawo yonyezimira ija n'kumadzifunsa kuti amakolopa ndani, poti wa mopu sankaoneka n'kamodzi komwe.

Mayina a anthu a m'seweromo ankatipinda lilime, choncho bambo ako anawapatsa ena. Dokotala wamkulu wa opaleshoni uja, wadazi, wosadziwa kupereka moni, amene anaponya pansi mbale ya zipangizo chifukwa nesi anam'patsa sizasi yolakwika, anamutcha Chiphaliwali. Mayi uja woyang'anira manesi, wa tindolo ting'onoting'ono, wobweretsa makeke kuntchito, wodziwa dzina la mwana wa aliyense, koma womalowa mu ofesi ya bwana n'kutseka chitseko mwakachetechete, anamutcha Tseketseke.

Mkangano unkayambira pamsewu pobwerera. Iwe unkati, "Amayi, woipa weniweni ndi Chiphaliwali. Munthu uja amachititsa anzake manyazi pagulu. Tseketseke bola, amatha kuseka ndi anthu." Ine ndinkati, "Iwe sudziwa kanthu, woipa ndi Tseketseke." Unkandifunsa chifukwa, ine n'kungoti ukadzakula udzaona. Bambo ako ankayenda kumbuyo ndi mpando wawo paphewa akuseka. Kenaka mlongo wa a Msiska anasiya kutumiza matepi, sitinaone n'komwe mathero ake, ndipo chaka chotsatira bambo ako anatisiya. Yankho lija la ukadzakula udzaona linali laulesi. Mawa ukupita kumene anthu awiriwa amakhala, ndiye lero ndikuyankhe bwino.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndisanakubereke. Nditalembedwa ntchito yothandiza m'wodi ya amayi, ndinapezako anthu awiri. Wina anali Sisitala Kachingwe, mkulu wa wodiyo, wamtali, wakuda bii, mawu ngati wa mwamuna. Tsiku langa loyamba anandikolopetsa katatu. Anagwada yekha ndi yunifolomu yake yoyera, napisa chala pansi pa bedi, nandionetsa fumbi odwala onse akuona. "Esinati, pansi pa bedi n'kuchipatalanso!" Ndinakalirira kuchimbudzi. Amene anandipeza kumeneko anali Nesi Jesi, wamfupi, woyera, wonunkhira sopo wabwino. Anandigwira paphewa. "Achemwali, musalire. Mayi aja ndi mmene alili, alibe mwana, ndiye mtima unauma. Bwerani timwe tiyi." Tiyi wake anali wamkaka. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse cha mumtima mwanga ndinkachikhuthulira kwa Jesi.

Ndinamuuza ngakhale chimene ndinabisa polembedwa ntchito, choti ndinali ndi pakati pa miyezi iwiri. Pakati pamenepo ndi iweyo. Sabata isanathe ndinaitanidwa ku ofesi ya akuluakulu, nandiuza kuti ndinawanamiza ndipo akhoza kundichotsa. Sanandichotse. Pakhomo ndinakumana ndi Sisitala Kachingwe. Anangondiyang'ana nati, "Mimba si matenda. Tenga mopu." Mumtima ndinati ndi ameneyu wandineneza, mfiti ya mzimayi. Ndinam'sungira chakukhosi zaka zambiri. Sindinafune kuona kuti kuyambira tsiku limenelo sanandilolenso kunyamula wodwala kapena chidebe chodzaza. Patapita zaka, kalaliki wa mu ofesi ija atapuma ntchito, ndi amene anandiuza pa maliro ena ku Bangwe kuti anakandinenera anali Jesi, ndipo anakamenya tebulo kuti ndisachotsedwe anali Sisitala.

Ndiye mwana wanga, kumene ukupitako ukapeza wina wokupatsa tiyi wamkaka tsiku loyamba. Ukamwe, usakane, si onse okoma mtima amene ali ndi mbedza. Koma ukamvetsere kuti akukamba zotani za anthu amene palibe. Jesi ananditonthoza ponyoza munthu wina, ndipo ine sindinadzifunse kuti nanga ine ndikachoka amatonthoza ndani ponyoza ine. Pamenepa m'pamene ndinkati Tseketseke ndiye woipa. Chiphaliwali akakupweteka umadziwa pamene pali bala, umapatsuka. Tseketseke umazindikira papita zaka, ndipo nthawi yonseyo umakhala ukudana ndi munthu wolakwika.

Koma iwenso sunkanama, ndipo ndikuvomera lero. Ukukumbukira tepi ija imene dokotala wachinyamata anaona kuti wodwala akutuluka magazi m'kati, naima pakhomo pa Chiphaliwali dzanja lili m'mwamba, osagogoda, n'kubwerera? Unatembenuka n'kunena kuti, "Mwaona amayi? Wamupha ndi ukali wake." Ine ndinati wamantha ndi mnyamatayo. Ndinayankha choncho chifukwa mawu ako anandilasa pena.

Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinali nditakuletsa kusewera kumtsinje, ndipo unkadziwa mmene ndinkakalipira masiku amenewo. Ndinkabwera kuntchito nditatukwanidwa tsiku lonse, ukali wonse n'kudzautula pa iwe. Unapita kumtsinjeko, unaponda botolo losweka, unamanga phazi ndi kansanza n'kuvala sokosi ya kusukulu. Masiku asanu unkayenda mowongoka ndikamakuona, n'kumatsimphina ndikatembenuka. Ine wogwira ntchito kuchipatala sindinaone kanthu mpaka thupi litatentha, phazi litatupa ngati chinangwa chophika. Ndikukubereka kumsana kukwera chitunda chija kupita kokwerera basi, ndinakufunsa kuti bwanji sunanene. Unandiyankhira m'khutu kuti, "Ndimaopa kuti mundikalipira." Chipsera chili kuphazi lako lamanzere mpaka lero. Botolo linangodula, koma chinatupitsa phazi lija ndi pakamwa panga.

Ndikukuuza zimenezi chifukwa pakamwa pangapo unatengera. Ndimakumva ukamakalipira ana a a Msiska akakhudza mabuku ako. Ndiwe wanzeru, ndipo anthu anzeru sachedwa kutopa ndi anzawo ochedwa kumva. Tsiku lina udzakhala sisitala, udzakhala ndi atsikana pansi pako. Ukadzakhala munthu woti anthu amaima pakhomo pako dzanja lili m'mwamba osagogoda, dziwa kuti zoipa zonse za m'wodi udzakhala womaliza kuzimva. Sisitala Kachingwe anali wolungama, koma tsiku limene anafuna mboni panalibe amene ankam'konda mokwanira kuti aimirire. Usadzati poti ndikunena zoona ndiye ndinene mmene ndafunira. Ukadzafuna kudzudzula munthu, mutengere pambali. Ndabwereza, mutengere pambali.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pakhonde pano. Panali Lamulungu lina limene Tseketseke anasolola pepala m'fayilo ya wodwala n'kuliika m'chikwama chake, ndipo kanesi kena kamagalasi kanamuona kudzera pawindo. Atakafunsa akuluakulu kanati sikanaone kanthu. Ine ndinadzuka n'kunena kuti ndasiya nyemba pambaula. Iwe unati, "Amayi, nyemba zake ziti? Si tadya usipa?" Ndinakakhala kuseri kwa nyumba yathu mpaka munabwera. Kanesi kamagalasi kaja bambo ako sanakapatse dzina. Tonse tinkakangana za awiri aja, iko sitinkakawerengera. Koma ine ndinkakadziwa.

Unali ndi zaka zitatu. M'wodi mwathu munagonekedwa mayi wina wa ku Ndirande, mkazi wa telala, amene anali atangochira mwana wake woyamba. Magazi ake ankathamanga kwambiri. Dokotala analamula jakisoni wa masana, Sisitala Kachingwe analemba papepala la pabedi ndi dzanja lake, nauza Jesi, napita kumsonkhano. Jesi anatuluka kukayesa diresi kwa osoka m'tauni, poti kunkabwera alendo akuluakulu a chipani ndipo mwamuna wake anali mmodzi wa olandira. Anabwera mochedwa. Pofika chakumadzulo mayi uja anayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuzika. Sisitala, amene anali atabwerako kumsonkhano, anathamanga naye pamodzi ndi anthu ena. Pabedi panatsala zofunda zokha, ndipo ine ndinali kuseri kwa nsalu yotchinga ya bedi loyandikana nalo ndikupukuta masanzi. Jesi analowa, anayang'ana uku ndi uku, anachotsa pepala lija pa bolodi, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la epuloni. Ndinaona ndi maso angawa, pa mpata wa nsalu.

Mayi uja sanafe, koma mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo mwana wake sanathe kumunyamula ndi manja awiri. Mwamuna wake, bambo wofatsa wa kapu yoyera, ankangoti, "Zonse ndi Mulungu," akumwetsa mwanayo mkaka ndi supuni. Akuluakulu anaitanitsa bwalo. Jesi analira bwino kwambiri, nati sanauzidwe za jakisoni ndipo pepala sanalione. Sisitala anati analemba. Pepala linasowa. Anatiitana mmodzimmodzi ife a mopu. Ine ndinalowa, ndinapeza amuna atatu kutebulo, Sisitala atakhala pampando wa pakona manja ali pamiyendo.

"Esinati, unali m'wodi masana aja. Unaona chilichonse?"

"Ayi bwana, ndinali kochapira."

Ndikhoza kukuuza kuti masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha mawu amodzi, ndipo mwamuna wa Jesi anali woti akakuloza chala basi. Ndi zoona. Ndikhoza kukuuza kuti bambo ako anali atachotsedwa ntchito kufakitale ndipo tonse tinkadya mopu wanga. Ndi zoonanso. Koma pansi pa zonsezo panali kanthu kena kamene sindinauzepo ngakhale abusa. Kamtima kena kankati, m'lekeni alawe, si uja anakandineneza za mimba? Ndinabwezera munthu amene anandipulumutsa, pa mlandu umene sanapalamule. Sisitala anatsitsidwa udindo n'kutumizidwa ku kachipatala ka kumudzi kutali. Jesi anakhala sisitala wathu, ndipo ndinamwa tiyi wake zaka zina zisanu ndi ziwiri mpaka anasamukira ku Lilongwe.

Ndaziona, Chiphaliwali ndi Tseketseke sukawasowa, ali m'chipatala chilichonse, ndipo ukhoza kukangana ndi anzako mpaka kukalamba kuti woipitsitsa ndani. Koma Tseketseke payekha sangathe kanthu. Pepala likhoza kukhala m'thumba mwake pokhapokha ngati amene anaona wanena kuti anali kochapira. Ine sindiopa kuti ukakhala Tseketseke, mtima umenewo ulibe. Ndimaopako pang'ono kuti ukhoza kukhala Chiphaliwali. Koma chimene ndimaopa kwambiri n'chakuti tsiku lina udzaona kanthu pa mpata wa nsalu, udzakhala ndi zifukwa zabwino zokhalira chete, ndipo zonse zidzakhala zoona.

Matipate atabwera anthu anayamba kuulula zakale pawayilesi, m'minibasi, paliponse. Ine ndinkati nanenso ndipita ndikam'peze Sisitala Kachingwe. Ndinamva kuti anapuma ntchito ndipo akukhala ku Machinjiri kwa mwana wa mchimwene wake. Chaka chinatha, china chinatha. Kalata yako yokuitana kusukulu itabwera m'pamene ndinaona kuti sindingakutumize kukavala yoyera ndili ndi chimenechi pakhosi. Lachiwiri lija ndinakuuza kuti ndikupita kukaona munda. Sindinapite kumunda.

Ndinatsika minibasi pamathero, ndinayenda wapansi kufunsa anthu mpaka anandilozera kanyumba ka njerwa zosawotcha koma kosesedwa bwino pabwalo ngati pa ofesi. Ndinam'peza atakhala pampando akusola mtedza. Wachepa thupi, tsitsi lonse mbuu, maso achita ng'ala. Koma nditangoti odi, mawu anali omwe aja.

"Ndani?"

"Ndine Esinati, Sisitala. Wa mopu, wa kuwodi ya amayi."

"Esinati wokolopa pakati pokha. Khala pansi."

Ndinakhala pamphasa. Ndinayamba ndi moni wautali, za mvula, za miyendo, mpaka anandidula. "Sunakwere minibasi ziwiri kudzandifunsa za miyendo. Nena." Ndinanena zonse, kuyambira pa pepala mpaka pa kamtima kaja. Ndinkalankhula ndikuyang'ana mtedza. Nditamaliza, zala zake zinali zikusolabe.

"Ndinkadziwa," anatero. "Pothamanga ndi mayi uja ndinabwerera kudzatenga bulangete. Ndinaona mapazi ako pansi pa nsalu, ndi chidebe chako. Pobwerera ndinapishana ndi Jesi pakhomo akulowa."

"Nanga bwanji simunanditchule pabwalo paja?"

"Unali ndi kamwana. Ndikanakutchula, ukanakana, akanakusiya. Ukanavomera, akanakutenga. Ndinati anene yekha akafuna." Anataya makoko pansi. "Koma sindinaganize kuti zikutengera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Unali waulesi pokolopa, ndi pano pomwe."

Ndinalira, mwana wanga, kulira kwa mwana wamng'ono, mayi wa imvi ngati ine. Sananditonthoze, si khalidwe lake. Anangondikankhira lichero kuti ndizisola nawo. Sananene kuti wandikhululukira ndipo sindinam'kakamize. Anati wopepesedwa woyamba si iye, ndi mkazi wa telala uja. Ndinamuuza kuti ndinafunsafunsa ku Ndirande, anamwalira kalekale, koma mwana uja alipo, amasoka pa makina a bambo ake. Anati, "Ndiye ukudziwa kopita." Ndidzapita, ndipo ndidzakulembera mmene ndikayendere. Sindidikiranso chaka.

Kenaka anafunsa kuti, "Kamimba kaja kanakula?" Ndinamuuza kuti kanakula, n'kamtsikana, ndipo Lamulungu kakukwera basi kupita kukaphunzira unesi. Anasiya kusola. Kenaka anatembenukira kumbali n'kukalipira nkhuku imene sinalakwe kanthu.

Ndiye tamvera mwana wanga. Ukadye, usamadumphe chakudya cha m'mawa. Juzi ya bambo ako ndaiika pamwamba, kumeneko kumazizira kuposa kuno. Ukapereke moni kwa a mopu, ukadziwe mayina awo, chifukwa amaona zambiri kuposa madokotala. Ukalakwitsa, ukanene wekha dzuwa lisanalowe, ngakhale pakhomopo pakhale pa munthu wolusa chotani, ukagogode. Ukaona mnzako walakwitsa, uyambe wamuuza iyeyo kuti akanene yekha. Akakana, ukanene ndiwe. Udzataya anzako ena, mwina udzataya zoposa pamenepo, sindikunamiza ayi. Ine ndinasunga ntchito yanga, ndinakulera nayo, ndipo sindinganene kuti ndikudandaula kuti unakula. Koma ndikudziwa mtengo wake, ndipo sindikufuna udzagulenso pamtengo umenewo.

Ndikumva mawu ako kumpanda kwa amake Feyithi, ndiye ndilekere pano. Chatsala chimodzi. Potsanzikana Sisitala anandigwira dzanja nati, "Akadzabwera ku holide yoyamba udzabwere naye. Ndikufuna ndidzam'gwire manja ndione ngati ali a nesi." Ndinamulonjeza. Tsono Disembala ukadzafika, usanapite kwa anzako, tidzakwera minibasi ya ku Machinjiri. Adzakukalipira, usadzayankhe. Ndipo udzawenge zikhadabozo tisananyamuke.

Ndine mayi ako,
Esinati.